Nkhata pachitseko: ndiyambire pati, nanga apongozi ndiwauza chiyani?

NaBanda_Leeds
Abale, musandiseke. Chiyambireni October zitseko za mumsewu wathu zavala nkhata. Zina za masamba ofiira ndi achikasu, zina za tizipatso ta m'tchire ndi zipatso za paini, zina mpaka timaungu. Mwana wanga wa zaka 8 wandikakamira kuti nafenso tikhale nayo. Kusitolo ndinapeza ya pulasitiki ya mapaundi 28, ndinangoibwezera pomwe ndinaitenga. Loweruka tinapita kupaki, tinatola masamba jumbo yodzaza, ndinapinda waya wa hang'ala n'kumangirira ndi ulusi. Tsiku loyamba inkaoneka bwino ndithu. Pofika Lachiwiri masamba onse anali atapotana n'kuuma ngati mfutso, ukangotseka chitseko akuyoyokera pansi. Ndiye funso loyamba: anzathuwa amatani kuti zawo zizikhalitsa?

Funso lachiwiri ndiye mutu waukulu. Apongozi anga anabwera mwezi watha kuchokera ku Ntcheu, akhala nafe mpaka February. Tikudutsa mumsewu anaima n'kundinong'oneza kuti, "Amake Tadala, kodi kwagwa mliri kuno? Nyumba zonsezi maliro?" Ataiona yanga ija pachitseko sanayankhule kanthu, koma nsima ya usiku umenewo anangoinyema kawiri basi. Bambo a kunyumba akuti nkhaniyi tithane tokha azimayi. Ndithandizeni.

Chitedze77
Kkkkk apongoziwo sakunama. Ine chaka changa choyamba ku Nottingham ndinkadutsa pa zitseko zimenezi nditavula chipewa.

Gogo_wa_ku_Luton
Musaseke ana inu. Nkhata malo ake ndi pamtumbira. Kwathu azimayi amakhala kuseri kwa siwa n'kumaluka nkhata za maluwa, ndiye kumanda amaitana mmodzimmodzi: mkazi wa malemu, ana, akuchimuna, akuchikazi, a mpingo, a mfumu. Chinthu chimenecho inu mukachikoleke pakhomo pomwe ana amalowera ndi kutulukira? Kumeneko n'kudziitanira. Ine ndakhala kuno zaka 22, chitseko changa sichinavalepo kanthu, ndipo palibe anandithamangitsa mumsewu.

Mlimi_wa_Allotment
Za apongozi ndisiyira akuluakulu, ine ndiyankhe za manja. Achemwali, mwalakwitsa ziwiri: waya wa hang'ala ndi woterera, ndipo masamba ogwa pansi ndi akufa kale.

Yambani ndi mkombero, monga wa lichero uja. Mtengo wabwino ndi willow, umene Baibulo lathu limautcha msondodzi. Umakonda m'mbali mwa mitsinje ndi m'malo a chinyontho, ndipo pa allotment (timinda tobwereka tomwe anthu amalima kuno) pafupifupi paliponse pamakhala wina amene ali nawo ndipo akufuna kuudulira. Dulani nthyole za chaka chino, zonenepa ngati pensulo, zotalika mita imodzi kapena ndi theka. Zikhale zaziwisi. Zikauma zimathyoka, ndipo muyenera kuziviika m'madzi masiku angapo kuti zifewenso. Musanapinde, yendetsani nthyole iliyonse pabondo pang'onopang'ono kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, kuti ifewe yonse. Mukatero pangani bwalo lalikulu ngati mbale ya nsima ya alendo, masentimita 30 kapena kuposerapo pang'ono, nsonga yotsalayo muikulungize mozungulira bwalolo. Nthyole yachiwiri musaiyambire pomwe munayambira yoyamba, isunthireni patsogolo, koma zonse zizikulungira mbali imodzi. Zikafika 6 kapena 8 mkombero umalimba wokha, osafuna chingwe. Poyamba umaoneka ngati dzira, musadandaule, muziukankha ndi manja mpaka uwongoke.

Willow akasowa, dogwood wa nthambi zofiira uja amachita, mitsitsi yaitali ya ivy imachita, ngakhale tinthambi ta birch tomwe mphepo yagwetsa.

Tsopano kuvekako. Amene anafolerapo nyumba ya udzu savutika. Mumamanga timitolo ting'onoting'ono, tinthambi titatu kapena tinayi pamodzi. Kamtolo koyamba mukagoneke pamkombero n'kukulunga chingwe katatu kumatsinde, mokoka. Chingwecho musadule. Kachiwiri kagone pamwamba pa matsinde a koyamba kuti kawabise, n'kukulunganso. Muzipita choncho mbali imodzi mpaka mutazungulira, komaliza mukalowetse pansi pa mutu wa koyamba. Anthu ambiri amamanga tsamba limodzilimodzi, n'chifukwa chake zimaoneka ngati nkhuku yonyowa.

Kalulu_Manchester
Zonsezi za chiyani akulu? Glue gun ndi mapaundi ochepa, mphindi 20 mwamaliza.

Mlimi_wa_Allotment
@Kalulu_Manchester guluu ameneyo akakumana ndi chinyezi cha November amamatuka ngati chigamba cha tayala la njinga. Komanso ikatha ntchito mudzaitaya kuti? Yanga ndimangoiponya pa kompositi yonse ndi chingwe chake chomwe, chifukwa ndimamangira cha jute.

NesiWausiku
Ndiwonjezere pa za masamba, poti ndi pomwe ine ndinagwa zaka ziwiri zotsatizana. Tsamba likamafiira ndiye kuti mtengo wayamba kale kulitsekera njira ya madzi pakhosi pake, wabweza zakudya zake kuthunthu. Lomwe mwatola pansi silingamwenso kanthu. M'nyumba yotentha ndi ma radiator limauma tsiku limodzi.

Mankhwala ake ndi gilisalini, yemwe uja tinkasakaniza ndi mafuta odzola nthawi yachisanu. Kapu imodzi ya gilisalini, makapu awiri a madzi otentha, takasani. Dulani tinthambi ta beech kapena oak masamba akadali amoyo pamtengo, phwanyani kumatsinde ndi hamala, muimike m'botolo. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu masamba amasanduka ofiirira ngati khofi, ofewa ngati chikopa, mukhoza kuwapinda osathyoka. Koma kunena zoona pakati pa October pano mwachedwa pang'ono, ntchito imeneyi imakoma mu August ndi September mtengo ukadamwa bwino. Chomwe mungachite pano n'kumiza masamba amodziamodzi m'madzi a gilisalini omwewo, muwapsinje ndi mbale kuti asayandame, masiku anayi kapena asanu, kenako muwapukute. Kufiira kowala kuja kumazilala ndithu, musayembekeze zoona pa chithunzi.

Njira ya aulesi ngati ine: pezani mpanda wa beech. Masamba ake akauma sagwa, amakakamira panthambi mpaka nyengo yophukira. Mukadula tinthambi take basi mwapeza masamba a mtundu wa kopa osafuna mankhwala.

NaBanda_Leeds
Zikomo asisi. Gilisaliniyo ndi wa ku famase yemweyo kapena pali wapadera?

NesiWausiku
Yemweyo. Ku mashelefu a zophikira makeke amapezekanso koma timabotolo take n'tating'ono, mungawononge ndalama.

Wa_ku_Dedza
Koma anthu a kunja muli ndi nthawi. Ife kuno October dzuwa likuswa mtengo, madzi akuvuta, magetsi akuzima, inu mukukambirana zoveka chitseko mkanda? Tumizani mapaundi 28 amenewo tigule feteleza.

Chitedze77
@Wa_ku_Dedza achimwene mwalowa gulu lolakwika, la feteleza lili uko kkkk

Mphunzitsi_Wopuma
Ine chandigwira ndi china. Nonsenu mukuzemba kutchula dzina la nyengoyi m'Chichewa. Ndaonapo ena akulemba kuti dzinja, zomwe n'zolakwika kotheratu. Dzinja ndi nyengo ya mvula, chimanga chili m'munda, anthu akupalira ndi kubandira. Ena amati chilimwe, nachonso ayi. Chomwe chikuyandikira ndi masika, pamene mvula yakata, zakumunda zacha, maungu ali mbwee, kunja kwayamba kuzizira. Kwathu imeneyo ndi April ndi May. Kunoko ndi September mpaka November chifukwa tili mbali ina ya dziko. Ndiye chomwe NaBanda akufuna kupanga ndi nkhata ya masika. Mwina dzina lokhalo likhoza kuwafewetsa mtima apongozi.

Nyamazikongo
Aphunzitsi, masika athu masamba safiira n'kugwa ngati kuno. Si zofanana.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndinati chikuyandikira, sindinati n'chimodzi. Koma poti mwaiputa, kufiira kwa masamba kwathu kuliko, kungoti kumabwera chambuyo. Pitani m'nkhalango za mitengo ya mombo ndi tsamba kumapeto kwa August ndi mu September, mvula isanagwe n'dontho lomwe. Mapiri onse amakhala ofiira, ena ngati magazi, ena ngati kopa. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu ofiirawo ndi masamba ongophuka kumene, pakatha masabata ochepa asanduka obiriwira. Kuno ofiira ndi okalamba, akutsanzika. Ine nthawi yoyamba kuona mapiri a ku Scotland mu October ndinakumbuka msewu wopita ku Kasungu.

Mjoni_wa_Randburg
Ife a ku Johannesburg tili nanu pakati. Masamba a oak ndi plane amagwa kuno mu April ndi May, misewu ya m'mayadi imadzaza, ife ogwira m'magadeni ndi amene timasesa mpaka msana kuwawa. Abwana anga aakazi amapanga nkhata yotereyi chaka chilichonse ndi nthambi za mpesa zomwe ndimadulira. Pano ndi jacaranda, mzinda wonse wapepo. Makoko ake ouma aja, ooneka ngati kakamwa ka chule, amakongola kwambiri pankhata ndipo sawola.

Wa_ku_Dedza
Jacaranda ndiye ali mbwee ku Lilongwe ndi ku Blantyre, paini ali pa phiri pompano, wina ku Zomba ndi ku Chikangawa. Mwina ndiyambe bizinesi, ndizikutumizirani.

Loya_Wapakhonde
@Wa_ku_Dedza musayerekeze. Mbewu ndi zomera zochokera kunja sizilowa mu UK chisawawa, zambiri zimafuna chikalata cha boma chotsimikiza kuti zilibe matenda. Mungangovutitsa wonyamulayo pa bwalo la ndege.

Ndipo poti tafika pa malamulo, dzinali n'longocheza, ine si loya, koma izi ndinazifufuza nditakalipiridwa ndi mlonda wa paki. Ku England ndi Wales, Theft Act ya 1968 imanena kuti kuthyola maluwa, zipatso, masamba kapena bowa zomera zokha m'tchire si kuba, pokhapokha ngati ukukagulitsa. Mawu oti zomera zokha ndi ofunika. Maluwa obzalidwa ndi khonsolo pa roundabout kapena hydrangea wosuzumira pampanda wa neba sizili m'gulu limenelo. Kuzula chomera ndi mizu yomwe popanda chilolezo cha mwini malo ndi mlandu pansi pa Wildlife and Countryside Act ya 1981. Pamwamba pa apo mapaki ena ndi malo otetezedwa ali ndi malamulo awoawo oletsa kuthyola chilichonse, monga ma Royal Parks a ku London. Werengani chikwangwani cha pageti. Ine ndinalowa ndi chikwanje chaching'ono ngati ndikupita kudimba, mpaka lero ndimachita manyazi.

Chitedze77
Chikwanje mu paki?? Akulu inu mukanagona m'chitokosi kkkk

Loya_Wapakhonde
N'chifukwa chake ndikuti tengani sizasi ya m'munda, muike m'chikwama. Safunsa anadya phula.

Gogo_wa_ku_Luton
Mwayamba kale kuphunzitsana kaluka, funso la mayi uja wa ku Ntcheu mwalisiya. Munthu wamkulu wasiya nsima, inu muli pa gilisalini.

Katekisiti_Glasgow
Agogo, ndikupempha ndiyankhe mwaulemu. Mantha anuwo ndikuwamva, nanenso nkhata yoyamba kuigwira m'manja inali ya pamanda a bambo anga. Koma nkhata si ya maliro okha ngakhale kwathu komwe. Mayi aliyense wa kumudzi amapota nkhata ya nsalu kapena ya udzu tsiku ndi tsiku kuti asenzere ndowa kapena mtolo wa nkhuni. Imeneyo ndiye nkhata yeniyeni, ya maluwayi inangobwereka dzina chifukwa cha kuzungulira. Ku tchalitchi kwathu kwa Akatolika, ku Malawi komweko, timayatsa makandulo anayi pa nkhata ya Adiventi masabata anayi Khirisimasi isanafike, palibe amaganiza za manda. Mwambo umenewo unayambira ku Germany, m'busa wina dzina lake Johann Hinrich Wichern ku Hamburg mu 1839 anaika makandulo pa gudumu la ngolo kuti ana osauka omwe ankawasunga aziwerengera masiku.

Anthu a kuno nawonso nkhata ya maliro ali nayo, ndipo amaisiyanitsa bwino. Mwezi wamawa pa 11 November ndi Lamlungu loyandikana nalo mudzaona nkhata zofiira za poppy pa zipilala zokumbukira asilikali, monga zimachitikira kwathu pa chipilala cha ku Zomba. Imeneyo palibe angaikoleke pachitseko. Ya pachitsekoyi ndi ya zokolola: tirigu, zipatso, mtedza wa m'tchire. Matchalitchi a kuno amachita mwambo wothokoza pa zokolola kumapeto kwa September kapena kumayambiriro kwa October. Apongoziwo ngati ndi a CCAP akudziwa bwino chopereka cha masika, pamene anthu amabwera ndi matumba a chimanga ndi mtedza kutchalitchi. Muwafotokozere kuchokera pamenepo.

Gogo_wa_ku_Luton
A Katekisiti mwayankhula bwino, koma ya Adiventi imakhala chogona patebulo m'nyumba ya Mulungu. Iyi ikulendewera pakhomo. Ine ayi ndithu. Komabe nyumba ndi yawo.

AnaPhiri_Coventry
Ine ndili mbali ya agogo koma pa chifukwa china. Mlendo ndi mame, apongoziwo February apita. Chavuta n'chiyani kudikira chaka chamawa? Mukakamira nkhata, iwo akakafika ku Ntcheu nkhani idzakhala yoti mkamwana anandikolekera nkhata ndili moyo. Mudzaitsuka ndi sopo wanji mbiri imeneyo?

NesiWausiku
Nanga mwanayo? Iyenso ndi munthu. Anabadwira kuno, anzake onse zitseko zawo zili ndi nkhata, iye yekha aziuzidwa kuti kwathu n'zamaliro. Ana athuwa timawakaniza zambiri kale.

AnaPhiri_Coventry
Mwana wa zaka 8 salamula pakhomo asisi.

NesiWausiku
Sindinati alamule. Ndati amvedwe.

Mlimi_wa_Allotment
Pepani ndilowererepo. NaBanda, bwanji osawapatsa apongoziwo nthyolezo m'manja? Osatchula za chitseko. Mungoti amayi, izi zikundikanika kupinda. Mayi wa ku Ntcheu sangaonerere munthu akupota nkhata mokhotakhota osamulanda.

Kalulu_Manchester
Uyu ndiye wandale weniweni.

Mayi_wa_Mapasa
Ine ndibwere ndi chenjezo, poti pakhomopo pali mwana. Si kazipatso kofiira kalikonse koyenera kulowa m'nyumba. Yew, mtengo wobiriwira nthawi zonse womwe umakonda kukhala m'mabwalo a matchalitchi akale, uli ndi tizipatso tofiira tofewa tokongola kwambiri, koma njere yake ndi masamba ake ndi poizoni woopsa. Za ivy ndi za holly nazonso zimadwalitsa mwana akadya. Zotetezeka ndi rosehip, tija ta maluwa a rozi a m'tchire, ndi hawthorn. Chotsani minga ndi sizasi musanayambe kumanga, zala zanga zinaphunzira mochedwa.

China, ma conker, njere zonyezimira za mtengo wa horse chestnut. Amuna anga atangofika kumene anatola thumba lonse n'kuwakazinga, ati ndi mtedza womwe amagulitsa pa Khirisimasi. Mwamwayi kuwawa kwake kunawaletsa pa woyamba. Wodyedwa ndi sweet chestnut, chikhokho chake chili ndi minga yambirimbiri yosongoka ngati kanungu. Conker chikhokho chake chili ndi minga yochepa yaifupi, ndipo sadyedwa, ngakhale galu amadwala naye. Pankhata amakongola sabata yoyamba, kenako kunyezimira kumatha, amakwinyika, nthawi zina amachita nkhungu. Ine ndinawasiya.

Zipatso za paini muziyamba mwaziika mu uvuni pa madigiri 100 kwa theka la ola, pansi mutayala foyilo chifukwa utomoni umadontha. Tizilombo timafa ndipo zimatseguka bwino. Ine chaka china sindinatero, tiakangaude tinadzaza pakhonde. Pomanga, zungulizani waya wopyapyala pakati pa mamba a kumunsi, mupotokole, mutsale ndi mchira womangira pamkombero. Mudzaona zodabwitsa: kukagwa mvula zimatsekeka, kukacha zimatsegukanso. Mapasa anga amathamangira kukaziona m'mawa uliwonse ngati wailesi ya zanyengo.

Chitedze77
Poti tikuulula machimo, dzina langali lili ndi mbiri. Tili ku sekondale kunabwera mzungu wina wodzaphunzitsa, wokonda zokongoletsa. Tsiku lina anapita kudambo kukatola zouma zoika m'botolo patebulo. Anaona tinyemba ta ubweya wagolide tikulendewera, ati how lovely, anakumbatira mtolo wonse. Abale. Anafika pasukulu akuvina gule yemwe sitinamuonepo. Ine ndi amene ndinaseka kwambiri mpaka kupatsidwa chibalo, dzina n'kundikanirira.

Nyamazikongo
Kkkkkk ndafa ine. Kuno chitedze chake ndi nettle.

Mlimi_wa_Allotment
Nettle ndi mwana. Opani giant hogweed, chimtengo cha m'mbali mwa mitsinje chotalika kuposa munthu, mitu yake youma ili ngati ambulera ndipo imakopa opanga nkhata. Madzi ake akakhudza khungu n'kuwombedwa ndi dzuwa, matuza ake ngati wapsa ndi phala. Komanso mukalowa m'tchire la bracken valani buluku lalitali, muli nkhupakupa.

Admin_Nachisale
Tabwererani ku funso abale. Za ufa wa mgaiwa wotchipa ku Leicester ndazichotsa, zili ndi ulusi wake.

Mlendo_wa_Floor7
Funso kwa NaBanda: muli m'nyumba yapansi kapena m'fulati? Ine ndinapanga yanga chaka chatha, yokongola, ya hydrangea wouma ndi udzu wa mitu yofewa. Inakhala masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinapeza kalata pansi pa chitseko kuchokera kwa oyang'anira nyumba, ati chotsani pasanathe maola 48 apo ayi tichotsa tokha. Ndinakwiya, ndinkaona ngati andiyamba chifukwa ndine wakuda, mpaka ndinaona kuti neba wanga mzungu amulanda ngakhale chopondera pakhomo. Chichitikireni moto wa nyumba ya mafulati ya Grenfell ku London mu June 2017 nkhani ya makonde a m'mafulati anaimanga kwambiri. Udzu wouma ndi nkhuni basi, ndipo chitseko cha fulati ndi chotchinga moto, saloleza kukhomapo msomali. Yanga inathera pakhoma la pabalaza. Chokhacho chomwe chimandiwawabe ndi kalembedwe ka kalatayo, ngati ndaba mbuzi.

NaBanda_Leeds
Ndi yapansi, koma ya lendi, chitseko cha pulasitiki choyera chija. Msomali sungalowe.

Mlendo_wa_Floor7
Ndiye matani kambedza komata mkati mwa chitseko, chozondoka, pafupi ndi pamwamba. Mangani riboni pankhata, muidutsitse pamwamba pa chitseko, mukaikole pa kambedzako. Kunja sikuoneka kanthu, landilodi alibe chonena. Kumbuyo kwa nkhata muonetsetse kuti kulibe waya wotuluka, umakanda chitseko mphepo ikamawomba.

Mphunzitsi_Wopuma
Pempho limodzi kwa otola nonse. Musakolole chitsamba chonse. Tizipatso timeneti ndi nkhokwe ya mbalame, zina zimachokera ku Scandinavia mwezi uno kudzadya hawthorn yemweyo. Ivy nayenso akuchita maluwa pano, njuchi zikudalira iyeyo poti maluwa ena atha. Tengani pang'ono apa, pang'ono apo, monga tinkachitira pothyola chisoso m'munda mwa eni.

Kalulu_Manchester
Nanga malalanje ouma aja ndimawaona pa Instagram?

Mayi_wa_Mapasa
A m'nyumba amenewo. Mumadula mopyapyala, uvuni wozizirirapo maola atatu kapena kuposa, kumatembenuza. Mukawaika panja pa chinyezi cha kuno amafewanso n'kumera ndevu zobiriwira sabata isanathe.

NaBanda_Leeds
Ndabweranso abale, papita masiku 12. Ndinatsata nzeru za a Mlimi. Mnzanga wa kuntchito ali ndi allotment, anandipatsa mtolo wa willow, ngala za tirigu zomwe zinamera zokha pa manyowa, ndi tizisononkho ta chimanga chofiira chomwe chinakanika kukula. Ndinakhala pakhitchini n'kumapinda mwadala mokhota. Sipanathe mphindi ziwiri. "Amake Tadala, kodi kwanu simunasenzepo mtsuko? Bweretsani kuno." Anakhala pansi, miyendo tambasu, nthyole pabondo. Mkombero womwe ine ndinalimbana nawo madzulo onse iwo anaumaliza tiyi asanazizire, wozungulira ngati wojambula ndi kampasi. Atamaliza anauika pamutu n'kunena kuti nkhata yaikulu chonchi ndi yosenzera bafa. Tadala anaseka mpaka kugwa pampando, ndiye anapoteredwa yake yaing'ono, pano akuyenda ndi poto pamutu m'nyumba monse.

Nditatchula za chitseko nkhope inasintha. Ndinafotokoza za masika monga ananenera a Katekisiti ndi aphunzitsi. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anaika malamulo awo. Duwa lililonse ayi, ngakhale louma. Hydrangea yemwe ndinaumitsa sabata yonse anamuchotsa ndi manja awo, ati zamaluwa ndiye za kumanda. Riboni yoyera kapena yakuda ayi, tinang'amba mpendero wa chitenje chakale. Zotsala zonse anamanga okha: masamba a beech, tirigu, rosehip, zipatso za paini zisanu, chimanga chitatu pansi. Chingwe cha jute anachinyoza, ati luzi la mombo likanagwira bwino. Pokoleka anayamba apemphera.

Katekisiti_Glasgow
Ambuye alemekezeke. Lamulo la maluwalo ndalikonda, lili ndi nzeru.

Gogo_wa_ku_Luton
Chabwino, poti apota okha ndi manja awo. Koma changa chitseko chikhala momwe chilili.

AnaPhiri_Coventry
Tidikire February, timve zomwe zikakambidwe ku Ntcheu.

Mlimi_wa_Allotment
Chimangacho mwati chili panja? Mayo. Ndinaiwala kukuchenjezani.

NaBanda_Leeds
Mwachedwa achimwene. Lachinayi m'mawa tinamva kukwalakwata pachitseko, ndimayesa wa positi. Kutsegula, gologolo ali lende pankhata, chisononkho chimodzi chili kale pakati. Pofika Loweruka zonse zitatu zinali zitsotso, rosehip nayenso mbalame zayamba kumudya. Apongozi akwiya kuposa tsiku la maliro lija. Akhala pawindo ndi chipande kuyambira m'mawa, ndipo akufunsa ngati agologolo a kuno amadyedwa, poti ndi onenepa kuposa a ku Ntcheu. Akuti ndiwapezere waya atche msampha.

Loya_Wapakhonde
Msampha wa waya ayi chonde, muwaletse. Ndipo dziwani kuti gologolo wotuwayu mukamugwira wamoyo lamulo la kuno sililola kumumasulanso, ndiye mudzakhala naye pakhitchini mukuyang'anana.

Chitedze77
Vuto lili pati? Apongozi anena kale chochita naye.

Mlimi_wa_Allotment
Chotsani zitsotsozo, pamalopo mumangepo mitu ya teasel itatu, ija ya minga ngati burashi. Gologolo saifuna. Ndili nayo yambiri kuseri kwa shedi, ngati mnzanu wa allotment uja alibe ndiuzeni ndikutumizireni Lolemba.